Mano Makumi Anayi ndi Limodzi

Chaka chatha, pa dambo la Liwelezi,
matumba a soya makumi awiri ali kumbuyo,
ndinaona ndi maso angawa chipongwe cha chitsulo.
Tayala lakumanzere, lomwe linali m'thope,
linkazungulira ngati lagwidwa mizimu,
kulavula matope mpaka padenga,
pomwe lakumanja, loponda pouma,
linangoti duu, ngati nkhaniyo siikulikhudza.
Ndinagona momwemo.
Udzudzu unandiwerenga nthiti mpaka mbandakucha.

A Nasoni Kapalamula, makaniko wa pa Kamwendo,
sanaseke nditawafotokozera.
Anapukuta manja pa ovolosi n'kunena:
"Difu yakoyi ili ndi chisoni chopusa.
Mphamvu imapatsa amene akukuwa kwambiri,
osati amene waponda pansi."

Ndinagulitsa nkhumba ziwiri,
ina ili ndi bere.
Mayi a Tiyese anandiyankhula ndi msana sabata yathunthu.

Maekiselo anabwera kuchokera ku Chipata,
atakulungidwa m'matumba a feteleza,
onenepa kuposa akale,
olemera moti anyamata anayi anatukwana powatsitsa.
Pikapu yanga tinayikweza pa zitsa za bulugamu,
jeke imodzi yobwereka kwa mwini chigayo,
n'kuyisiya m'malere, yopanda miyendo,
nkhuku zikubisala dzuwa kunsi kwake.

Titamasula bawuti yapansi
oyilo anatuluka wakuda bii,
wonunkha mazira owola,
muli tizitsulo tonyezimira ngati mamba a matemba.
"Ukuona? Yakhala ikudzitafuna yokha."

Kenaka anandipatsa choko.
"Werenga mano."
Ndinagwada m'fumbi ngati mwana wa sitandade wani:
pa giya yayikulu makumi anayi ndi limodzi,
pa kakang'ono khumi.
"Werenganso kutsogolo. Zikasiyana, usandiuze mawa.
Kutsogolo kukafulumira, kumbuyo kukutsalira,
galimoto imang'ambika pamimba
usanafike n'komwe pa Kapiri."
Ndinawerenga katatu.
Kachitatuko ndinkapemphera.

Anapaka utoto wachikasu pa mano aja,
kuzunguza ndi dzanja, kusuzumira,
kuchotsa kachitsulo kopyapyala ngati tsamba la fodya,
kubwezera kena, kuzunguzanso.
Dzuwa linasuntha kuchoka pa botolo la girisi
kufika pa mulu wa matayala akutha,
iwo akadali pa dzino lomwelo.
Ndinati, akulu, kwada.
Anati, "Mano akalumana pansonga amathothoka.
Alumane pakati."

Mvula inagwa pa khumi Disembala, usiku wonse.
M'mawa ndinanyamula mbewu ndi malata a tchalitchi,
mayi a Tiyese pampando wakutsogolo,
dengu la anapiye pamiyendo.
Dambo lija linali pomwepo,
litayasamula, likundikumbukira.

Ndinayima. Ndinatsika kukhoma mahabu.
Ndinakoka kandodo kakafupi, n'kutseka difu.
Pansi panamveka kuti kha,
ngati munthu wamanga lamba.

Sitinathamange.
Matayala anayi analowa m'thope limodzi,
lililonse litasenza gawo lake,
palibe lokuwa, palibe loonerera.
Thope linagwira, linakoka,
linatsatira mpaka m'mabawuti,
kenaka linatopa.

Kutsidya ndinazimitsa injini kuti ndimve mtima wanga.
Achule okha, ndi anapiye.

Ndinakumbuka mawu omaliza a Nasoni
akuwerenga ndalama zanga ndi chala chagirisi:
"Ukafika pa tala umasule.
Awiri omangidwa pamodzi amawoloka dambo,
koma pakona wina ayenera kuyenda mtunda wautali.
Ukawakaniza, udzagula matayala mwezi ndi mwezi."

Ndinamasula.

Mayi a Tiyese anakonza chitenje pa dengu,
anayang'ana m'mbuyo, mizere iwiri yakuya
ikudzaza madzi pang'onopang'ono,
n'kunena, osandiyang'ana:
"Ya bere ija ikanaswa asanu ndi atatu.
Tiyeni, malatawa akuwadikira."