Lachiwiri ku Montevideo

Lamlungu Efraín anathamanga mpaka wezulo yomaliza,
mvula ikumukwapula kumsana.
Lolemba anadzuka bwinobwino.
Lero masitepe a basi amusandutsa nkhalamba.

"Ima ndi mwendo umodzi," akutero Ondina, dokotala wa timu.
"Tsinzina."
Katumba akunjenjemera ngati nsambo ya gitala,
bondo likufunsa kakolo kuti pansi pali pati,
kakolo ali duu.
Masekondi asanu ndi awiri, phazi fwa!

Sabata yatha anafika makumi atatu, akuseka.

"Mnofu wang'ambika mosaoneka.
Ukudzisoka wokha, usaulande singano."

Loweruka kuli mpira.
Efraín akuyang'ana nsapato zake pamsomali,
zingwe zili lende,
matope a Lamlungu akadali kunsi kwake.