Dontho Likakana

Ku Kastamonu kumachedwa kucha mu Januwale.
Ndimalowa mu labu chipale chikadali kunsapato,
kuseri kwa khoma makina opsinja utuchi
akupuma mwa befu, akulavula matabwa otentha.

Ntchito yanga ndi dontho limodzi.
Si ndowa, si chikho. Dontho,
lochepa kuposa njere ya mphodza,
lolendewera kunsonga ya singano
kufikira ine nditalilola kugwa.

Likatera, kamera imaliona cham'mbali,
ine n'kuwerenga kakhalidwe kake.
Pa thabwa labwino limagwada,
limatambalala, limagona chafufumimba
ngati mwana amene wafika pakwawo.
Pamenepo guluu adzagwira,
penti adzakalamba pompo osasupuka.

Koma pa mtolo wa usiku wathawu
laima njo, lobulungira ngati mkanda.
Madigiri zana limodzi ndi anayi.
Mlendo wokhala m'mphepete mwa mpando,
chikwama pamiyendo, maso kukhomo.

Tevfik, kapitawo, walowa osagogoda,
katambula ka tiyi kali m'manja.
Akuti: Nurhayat, malole atatu ali pageti,
fakitale ya makabati ku İnegöl yaimba kawiri.
Tasisita wekha, taona kusalala!

Ndasisita. N'zoona, ngati tsaya la khanda.
Koma kusalala si kuvomera.
Mwina phula lachuluka mu msakanizo,
mwina zitsulo zinatentha mopitirira
n'kutseka timabowo tonse
momwe thabwa limamwera.
Lero likukana madzi, mawa likana guluu,
ndipo pakatha miyezi, m'khitchini ya mayi wina
amene sindidzamudziwa dzina,
chikopa cha chitseko chidzayamba kufunduka pakona,
iye n'kumadziimba mlandu wa nthunzi ya poto wake.

Bambo anga anali kalipentala ku Daday.
Ankanyambita chala chamanthu,
kuchidinda pa thabwa la paini,
kupendeketsa mutu, kudikira.
Malovu akalowa, ankatsegula chitini cha vanishi.
Akakhala pamwamba, ankatenganso chopalira.
Tsiku limene ndinalembedwa ntchito kuno anati:
utuchi womata si mtengo, mwanawe,
ndi zinyenyeswa zokakamizidwa chibale.
Sanapondepo pageti lino mpaka tinawaika.

Sindinawauze kuti nanenso ndimanyambita chala,
kungoti changa chili ndi waya ndi kompyuta.

Ndadula kachidutswa kena,
ndakapala ndi sandipepa, pang'ono chabe,
muyeso wa khoko la anyezi.
Fumbi ndalipemerera kumbali.
Singano. Dontho. Tonse awiri chete.

Lazengereza.
Makumi asanu ndi atatu.
Makumi asanu ndi awiri. Likutsika,
phewa limodzi kaye, kenako linzake,
ngati munthu amene pomaliza wavula jekete.

Mtolo wonse ubwerere kopala, ndatero.
Tevfik watukwana chamumtima,
wamwa tiyi wozizira kamodzi n'kamodzi,
watuluka kukauza madalaivala
kuti apeze pogona.

Ndatsala ndekha ndi kadontho konyowa
kamene kakuda, kakuzimirira m'thabwa.
Kunja chipale chayambanso.
Chikutera pa malata a fakitale,
pa mitengo younjikidwa yodikira kugayidwa,
pa galasi la zenera langa,
pomwe chikusungunuka, n'kuima timikanda timikanda,
osalowa.

Ndanyambita chala. Palibe akuona.
Ndadinda pa kachidutswa kaja,
mutu ndapendeketsa.