Wokonza njinga wa pa Chitakale

Ine ntchito yanga ndi mpweya.
Ndimamiza chubu m'beseni
n'kudikira pomwe thovu litulukire.
Koma mpweya wa mwana wanga unandigonjetsa.

Anabadwa Lachiwiri, chiperoni chitabisa phiri lonse.
Kachibwano kobwerera m'mbuyo
ngati woumba anaitanidwa asanamalize,
m'kamwa, kumwamba, muli mng'alu.
Akagona chagada lilime limagwera kukhosi,
pachifuwa pamakumbika dzenje,
milomo bii.

Azakhali ake anati Edesi anaseka wolumala ali ndi pakati.
Sisitala Namakhwa sanawayankhe.
Anangomutembenuza mwanayo chafufumimba,
mkonono uja n'kuchepa.
Usiku utabweranso
anayeza kapaipi kuyambira pamphuno mpaka pakhutu,
kofewa, koonda kuposa valavu,
n'kukalowetsa pang'onopang'ono
mpaka kanadutsa kuseri kwa lilime.
Pulasitala patsaya. Basi.

Bere sangaligwire.
Edesi amafinyira mkaka m'kakapu
n'kumamwetsa dontho, kupumira, dontho.
Akuti chibwano chimakula, chidzalipatsa malo lilime.
Za mng'aluwo, ku Blantyre, akadzalemera.

Dzina sitinamupatse.

Nthawi yoona odwala ikakwana
ndimasamba girisi mpaka m'zigongono,
n'kunyowetsa chala ndi malovu
monga ndichitira pa tayala lokayikitsa.
Ndimachiimika pafupi ndi kamwa la kapaipiko, osakhudza.
Kazizira. Kaleka. Kazizira.

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikumata potuluka mpweya.
Apa pokha, Ambuye,
pasamatike.