Batani Lachitatu

Ndine telala wa pakhonde ku Mchesi.
Mabatani amene ndasokerera pa malaya a anthu
atha kudzaza chigubu,
koma Mzati wanga, zaka zisanu ndi ziwiri,
adali asadamangepo ngakhale limodzi.

Dzanja lake lamanja lidabadwa lofumbata,
ngati lidatola kanthu m'mimba mwa amake
n'kukana kutionetsa.
Anthu adalankhula. Ena adati ndidamukhwimira
kuti mashini anga azilira usana ndi usiku,
ine wokongola ulusi mwezi ndi mwezi.

Lachiwiri lililonse timakwera minibasi ya ku Sentulo,
iye pamiyendo panga, fumbi la m'tauni m'mano.
Chipindacho mulibe jakisoni.
Muli mphasa, beseni la mchenga,
zitsekerero za mabotolo, mapegi oyanikira zovala,
ndi mayi wina wamagalasi, dzina lake Kachigamba.
Ndidaseka dzinalo. Iye sadaseke.

Tsiku loyamba ndidapsa mtima:
ndasiya suti ya mkwati ilibe mikono
kuti mwana adzakumbe nyemba mumchenga?
Mayiyo adangofunsa:
m'mawa amamuveka ndani?
Amamudyetsa ndani? Nanga kuchimbudzi?
Ndidayankha katatu, ine kapena amake,
mawu akunka nachepa.

Adakulunga lekeni ku chigwiriro cha supuni
mpaka chidanenepa ngati chitsononkho.
Phala lidapita pachibwano, pakhutu, pamphasa,
lina pa nsapato zanga.
Sabata yachisanu lidafika pakamwa.
Mzati adandiyang'ana ngati waba.

Kenaka mapegi. Finya, tsegula, panika pachingwe.
Kenaka ndalama yachitsulo
kuilowetsa pa kabowo ka chitini cha mkaka.
Ndidazindikira mochedwa, ine mwini ntchito,
kuti ndalamayo ndi batani,
kabowoko ndi kabowo komwe ndimacheka ndi lezala tsiku lililonse.

Adandituma ndisoke chinsalu cha mabatani atatu
aakulu ngati a jasi la mlonda.
Ndidasoka usiku, magetsi atazima,
ndipo manja anga adanjenjemera ngati a wophunzira.

Chovuta sichidali cha Mzati ayi.
Chidali changa.
Zala zake zikamafufuza, batani likuterera,
lilime lili panja, thukuta pamphuno,
manja anga ankanyamuka okha.
Bambo, khalirani manja anuwo,
adatero Mayi Kachigamba.
Ndidawakhalira ndithu, bambo wandevu,
ngati mwana wolangidwa m'kalasi.
Za maso a nkhono ndidazimva kalekale,
koma palibe adandiuza kuti kudekha kumachititsa dzanzi.

Padali masabata ena opanda kanthu.
Adaponya chinsalucho m'ngalande, nalira mpaka kusasa mawu.
Lachiwiri lina ndalama ya minibasi idasowa,
tidachitira pakhonde, makasitomala akuonerera,
wina n'kunena kuti, ingomusokerani zipi.
Zipi ndidasokadi, pa kabudula,
ndi kamphete ka makiyi kokokera.
Malaya adakana yekha. Akufuna ngati a anzake.

Lero m'mawa, madzi a tiyi asadawire,
ndamva kachetechete wachilendo kuchipinda.
Ndasuzumira.
Ali chiimire, chibwano pachifuwa,
akulimbana ndi yunifomu.
Loyamba lalowa. Lachiwiri lalowa.
Lachitatu lathawa, labwerera, lathawanso,
kenaka lapita pa bowo la lachinayi.

Malaya apendama.
Kolala imodzi ikunong'oneza khutu,
mbali ina ikulendewera ngati lilime la galu.
Diso langa la utelala laona zonse.
Zala zanga zayabwa.

Amake atsegula pakamwa, ndawagwira mkono.

Watuluka choncho, chikwama chikumumenya kumsana,
kudutsa pa ogulitsa makala, kudutsa pa okhoma mabokosi,
kupendama kwakeko kukuonekera patali.
Mnzanga wowotcherera zitsulo wakuwa:
a telala, mwana wanu wavala bwanji?

Ndati, wavala yekha.

Ndakhala pa mashini,
ndipo ulusi wandikanika kulowetsa pa singano
kawiri konse.