Wonyamula Ndodo

Ndalawira mbandakucha kuchoka ku Mchesi,
wapansi, mame a mu Juni akundiluma zala.
Lero kuli mpikisano wa gofu
wa anthu ogwira ndodo Loweruka lokha.

Thumba lomwe ndasenza ndi la Bambo Chimbalanga,
dokotala wa mano.
Dzanja lawo silinjenjemera pozula dzino,
koma likaona kampira koyeraka
limasanduka la mkamwini pamaso pa apongozi.

Dzenje loyamba, kampira kathawira m'mitengo.
Lachinayi, kagwera mumchenga,
iwo kufukula ngati akukumba mbewa,
ine kusalaza m'mbuyo mwawo.
Lachisanu ndi chimodzi, thibu!
mtsinje wa Lilongwe walandira chopereka.

Mphepo ine ndimaiwerenga pa udzu.
Ndikudziwa komwe bwaloli limapendekera,
ndalipondaponda zaka khumi.
Ndinangonong'ona: "Tengani ndodo iyi, bwana,
musamenye ndi mkwiyo."
Anandiyang'ana.
Anamvera, kamodzi kokhako.

Kampira kanauluka, kanatera,
kanagubuduka monyinyirika
ngati minibasi yothera mafuta pa mlatho,
kanaima pakamwa pa dzenje
kuganiza kaye,
kenako kanalowa.

Madzulo pakhonde la kalabu
chikho chapita kwa Mayi Namaona.
Bwana wanga ali kumchira kwa mndandanda
koma akusimbira aliyense za kumenya kuja,
manja akujambula mlengalenga.
Dzina langa silikutuluka.

Kuseri kwa mpanda ndawerenga malipiro anga.
M'thumba muli timipira tiwiri tonyowa,
ndidzawagulitsa eniakewo
Loweruka likubwerali.