Kuseri kwa Mlomo

Mvula ya ku Wolverhampton sidziwa kugwa,
imangonyambita mawindo ngati yochita manyazi.
Fili koloko usiku. Wodi yonse ili zii.

Gemma, wophunzira unamwino wa chaka chachiwiri,
wabwera fomu ili m'manja, nkhope ili mwee:
"Mayi Pinnock ali bwino.
Kachipangizo ka pachala kakuti mpweya ndi wokwanira,
thupi silinatenthe, milomo sinasinthe mtundu."

Ndati, tiye tikawaonenso.

Buku lake limati mpweya ukachepa m'magazi
milomo imasanduka ya buluu.
Amene analemba bukulo ankayang'ana khungu limodzi.
Mayi Pinnock anabadwira ku Jamaika,
ndi akuda ngati ine, ngati mayi anga,
ndipo buluu wa m'bukuyo pa iwo satulukira pabwalo.
Amabisala kuseri kwa mlomo,
mu usinini, pansi pa lilime.
Ngakhale kachipangizo kaja, kakakumana ndi chala chakuda,
nthawi zina kamanena zokondweretsa mlendo.

Ndawagwira pamkono ngati ndikuwerenga kugunda kwa mtima
koma maso anga ali pachifuwa.
Munthu ukamuuza kuti ukumuwerengera mpweya
amayamba kupuma mwaulemu, ngati ali pamaso pa apongozi.
Ndiye umaba.
Kukwera, kutsika, kukwera,
kawiri kuposa mmene anapumira madzulo,
mapewa nawo alowa ganyu yothandiza nthiti.

Ndafinya chikhadabo, ndawerenga mpaka kasanu, ndasiya.
Magazi abwerera chokwawa.
Zala zili ngati zachokera mufiriji.

"Mayi, lero ndi lachingati?"
"Ndiwe Marcia? Waanula zovala?"
Awa ndi mayi amene dzulo lomweli
anandilondolera mabasi onse a ku Bilston, nambala ndi nambala,
n'kundidzudzula kuti tiyi wanga ndi madzi.

Ndaika mipope m'makutu a Gemma, osati anga.
Kumsana, m'munsi, mbali ya kumanja.
"Ukumva chiyani?"
Wakhala chete, kenaka: "Kukuthetheka."
Eya. Ngati mchere wogwera pamakala.

Sisita Nankhuni, kuchipatala chaching'ono ku Ntcheu,
magetsi atathima kachitatu usiku umodzi,
anandimenya kachala pachipumi:
yang'ana, khudza, gogoda, mvetsera,
makina akafa, makina ndiwe.
Sindinamuuze Gemma zimenezi, nthawi panalibe.
Sindinamuuzenso kuti chaka changa choyamba kuno
mzungu aliyense ndinkamuona ngati watha magazi,
ndi kuti ndinathamangitsa dokotala
chifukwa cha bambo wina amene anangofiira ndi manyazi
nditamuvula malaya.
Nanenso ndinabwera ndikudziwa kuwerenga khungu limodzi.

"Imba foni. Tchula dzina lako, tchula bedi,
unene chimene waona, osati chimene ukuopa.
Akakuuza kuti abwera m'mawa, ubwerezenso."
Mawu ake anjenjemera pa chiganizo choyamba chokha.

Zotsatira mumazidziwa: mpweya wa m'botolo, diripi,
magazi m'timabotolo tinayi, mapazi ambiri pakhonde.
Pofika sikisi koloko Mayi Pinnock atsegula diso limodzi
n'kufunsa amene wawabera mano awo.
Anali m'kapu, pambali pa Baibulo.

M'kachipinda kopumira, ndikuvula nsapato,
Gemma waima pakhomo, makiyi a njinga m'manja.
"Sisita Mwatitha, mungandilole?
Ndikufuna ndione mmene pamaonekera
munthu akakhala kuti ali bwino."

Ndaseka, kutopa kuli m'mafupa.
Ndayandikira pawindo pamene kwayamba kuyera,
ndatsitsa chikope ndi chala,
ndapinda mlomo wam'munsi,
ndatambasula zikhatho zonse ziwiri.

Wayang'ana nthawi yaitali, osalemba kanthu.
Basi yanga ya hafu seveni yadutsa pansipo
ndikuiona.