Maola Asanu ndi Limodzi pa Njanji ya ku Crewe

Sitima yomaliza yadutsa,
mawindo ake achikasu atanyamula oledzera ndi osinza,
ndipo njanji yatsala m'manja mwathu
ngati mwana wa eni
woti timusambitse mayi ake asanabwere.

M'thumba la jekete ndili ndi pepala.
Ndinalilemba Lachitatu mu ofesi yofunda,
tiyi akufuka pambali:
wani koloko, zitsulo zakutha zachoka;
fili koloko, zatsopano zagona;
kenako kumanga, kuyeza, kusesa, kubweza njanji kwa eni.
Pepalatu silidziwa chisanu.
Silidziwa kuti Zbigniew msana ukumudya
ndipo sangaulule ngakhale mutamugwira pakhosi,
kuti Morag sayankhula asanamwe khofi wachiwiri,
kuti Idris, mnyamata wa miyezi inayi pantchito,
amavomera chilichonse ndi mutu
chonsecho sanamve.

Anthu khumi ndi mmodzi, malilime asanu.
Ine wa ku Balaka pakati pawo,
chipewa choyera chikundilemera kuposa chitsulo.

Mpaka thu koloko zonse zinali myaa.
Kenako Idris anatsegula bokosi lachitatu,
naima njo, tochi ikunjenjemera:
mabawuti ndi aafupi.
Bokosi lachinayi, aafupi.
Lachisanu.

Foni inalira ngati inanunkhiza.
Bambo Hargreaves, ali m'bulangete kwawo ku Nantwich:
"Walakwitsa ndani?"
Mnyamatayo ndiye anawerenga mabokosi madzulo.
Dzina lake linali kale pansonga ya lilime langa,
lopepuka, losavuta kulavula.
Koma siginecha pa oda ija
inali ya dzanja lomwe lagwira foni.
"Ndine," ndinatero.
Mutu ukakula sulewa nkhonya,
ndipo nkhonyayo inabwera, mphindi zitatu zathunthu,
anthu anga akuyang'ana miyala ngati ataya ndalama.

Nditadula, ndinapinda pepala langa.
"Sindikudziwa chochita," ndinawauza.
Mawu amenewa sanatiphunzitse ku maphunziro a utsogoleri
kumene tinkamata timapepala tamitundumitundu pakhoma.

Zii.

Ndiye Delroy anatsokomola.
Delroy, wa imvi, woima kumbuyo nthawi zonse,
amene kwa chaka chathunthu ndakhala ndikumulonjera
osamufunsa kanthu.
Akuti m'kashedi kadzimbiri kuseri kwa mlatho
muli mabokosi anatsala chilimwe chatha,
kiyi wake amakhala pansi pa njerwa.
Palibe kompyuta ikudziwa zimenezi.

Morag analiza vani ndisanamuuze.
Zbigniew ndinamuchotsa ponyamula,
ndinamupatsa choyezera, ndikunamizira kuti maso ake ndiwo akuthwa.
Anandiyang'ana. Anadziwa. Sanakane.
Idris ndinamuika pambali pa Delroy
kuti aone mmene manja okalamba amanyengerera sipanala.
Ine ndinavula magolovesi a bwana,
ndinagwada pamiyala yozizira,
bawuti ndi bawuti, mpweya ukutuluka ngati utsi.

Mvula inayamba folo koloko, yowaza ija,
yosasankha chipewa choyera kapena chabuluu.
Wina anayamba kuseka, sindikudziwa chifukwa.
Tinaseka tonse.

Kutatsala mphindi zisanu ndi zinayi
ndinaimba foni: njanji yanu nayi.

Sitima yoyamba inadutsa ife titatsamira mpanda.
Mayi wina ankadzola milomo pawindo,
dzanja lake silinagwedezeke n'komwe
podutsa pamene tinagwada.
Malipiro athu enieni ndi amenewo:
kuti asadziwe.

M'vani, Idris anandipatsira theka la sangweji yake
osandiyang'ana.
Ndinatulutsa pepala lija, lonyowa, inki itayenderera,
ndipo kumbuyo kwake, pa za sabata yamawa,
pamwamba pa wani koloko,
pamwamba pa zonse,
ndinalemba:
yamba wafunsa Delroy.